Funsani Tikuyankheni: Nkhanza Zokhudza Kugonana ndi Mantha a Kunamiziridwa

Makalata ambiri a mwezi uno agwera pa nkhani imodzi, ena ochokera kwa amayi omwe akuvutitsidwa pantchito ndi kusukulu, ena kwa abambo omwe akuopa kusemeredwa chinyau. Ayankha ndi anzathu odziwa za malamulo, zachipatala ndi za kayendetsedwe ka antchito. Mayina a olemba tawabisa.

Akonzi, ndine kapitawo pa kampani ina ndipo ambiri mwa omwe ndimawayang'anira ndi amayi. Chiyambireni mabungwe kufuula za #MeToo ndimaopa ngakhale kuitanira wantchito wamkazi mu ofesi. Kodi zimenezi zinachokera kuti? Si njira yongogwetsera amuna? — Bambo wankhawa, Lilongwe

Bambo, mawu akuti "Me Too", kutanthauza kuti "inenso zinandichitikira", anawayambitsa ndi Tarana Burke ku America mu 2006, pothandiza atsikana achikuda omwe anachitidwa chipongwe. Anafala dziko lonse mu Okutobala 2017, nyuzipepala ya New York Times itatulutsa nkhani ya Harvey Weinstein, mkulu wopanga mafilimu yemwe kwa zaka zambiri ankavutitsa amayi n'kumawatseka pakamwa ndi ndalama. Patangopita masiku ochepa, katswiri wa mafilimu Alyssa Milano anapempha amayi pa Twitter kuti aliyense amene zinamuonekerapo alembe mawu awiriwa, ndipo analemba mamiliyoni.

Koma musaganize kuti mfuwu umenewu ndi wobwera. Mu Januwale 2012 mavenda ena ankavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewu, Joyce Banda ali pomwepo monga wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anadandaula kuti apolisi anawagwiririra ndi kuwachita zamanyazi. Bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association linatengera nkhaniyi ku bwalo lalikulu, lomwe mu Ogasiti 2020 linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukutamisozi. Mu 2021 bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti lotsimikiza madandaulo a amayi ogwira ntchito ku MBC. Chaka chomwecho kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce, inagwirizana zolipira amayi 36 a m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi Thyolo omwe anakasuma ku London. Pa zina mwa nkhanizi, amayi anayamba akhala chete nthawi yaitali, chifukwa woti akamudandaulire ndiye yemwe ankawavutitsayo, kapena mnzake. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Tsono za kunamizira. Kulipo, ndipo amene angakuuzeni kuti mkazi sanganame pa nkhani zotere akukunamizani. Brian Banks, mnyamata wa ku California, anakhala m'ndende zaka zisanu pa mlandu wogwiririra, mpaka womunenerayo anavomera yekha kuti anapeka, ndipo khoti linamuyeretsa mu 2012. Ophunzira atatu a pa yunivesite ya Duke ku America komweko anaimbidwa mlandu womwewu mu 2006, chaka chotsatira boma linalengeza kuti ndi osalakwa, ndipo loya wa boma amene anabisa umboni wowayeretsa analandidwa chiphaso. Moyo wa munthu wonamiziridwa umasweka zenizeni: ntchito, banja, ulemu kutchalitchi.

Funso n'lakuti zimachitika kangati. Kafukufuku wa David Lisak ndi anzake wa mu 2010 anaunika madandaulo 136 a pa yunivesite ina ku America pa zaka khumi, napeza kuti 8 okha ndiwo anali abodza. Ataphatikiza ndi kafukufuku wina, anati mwa madandaulo 100 aliwonse, abodza amakhala pakati pa 2 ndi 10. Ku England ndi Wales, ofesi yozenga milandu inawerenga kuti pa miyezi 17 ya mu 2011 ndi 2012 inazenga milandu 5,651 yogwiririra, ndi milandu 35 ya anthu onamizira anzawo kugwiririra. Ziwerengerozi ndi za maiko a eni ake, ndipo zimawerenga mabodza omwe anagwidwa okha. Pali milandu yambiri yomwe imathera m'malere, osatsimikizika kuti ndi yoona kapena yabodza. Apa ndi pomwe anthu amasokoneza: mlandu ukatha chifukwa umboni wachepa, sikuti wodandaulayo wapezeka wabodza. Chimodzimodzi, munthu akangotchulidwa, sikuti wapezeka wolakwa.

Kwa inu kapitawo, kuthawa antchito aakazi si mankhwala. Mukasiya kuwaitana kumisonkhano, kuwatuma kumaphunziro kapena kuwakweza chifukwa cha mantha, mwayamba tsankho, lomwenso ndi mlandu. Chitani izi: nkhani za ntchito zikambidwe nthawi ya ntchito, pamalo a ntchito, chitseko chili chotsekula kapena pali munthu wachitatu ngati ndi nkhani yodzudzula. Chenjezo lililonse lilembedwe ndi kusainidwa tsiku lomwelo. Mauthenga a usiku ofunsa kuti "mwagona bwanji" asiyeni. Ngongole ya m'thumba mwanu kwa wantchito wanu, kumukweza galimoto awiriwiri usiku, ndemanga za thupi lake, zonsezi ndi zomwe zimadzasowa pozifotokozera.

Kodi kufunsira mnzako wa kuntchito ndi mlandu tsopano? Makolo athu ambiri anapezana kuntchito komweko. — Mnyamata wosakwatira, Mzuzu

Achimwene, kufunsira mwaulemu si mlandu. Ndime 6 ya lamulo la Gender Equality Act la 2013 imaletsa mawu, zizindikiro kapena kukhudza kokhudzana ndi kugonana komwe mnzanuyo sakukufuna, pamene munthu woganiza bwino akanadziwiratu kuti mnzakeyo akhumudwa, achita manyazi kapena achita mantha. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Lamuloli limateteza amuna ndi akazi omwe.

Tsono mukafunsira kamodzi, iye n'kukana, nkhani yathera pomwepo. Zija ankanena akale zoti mkazi amayamba wakana kaye, ndiye uzilimbikira, ndizo zimapachikitsa anyamata masiku ano. Kukhala chete si kulola, kuseka mwamanyazi si kulola. Ndipo ngati muli ndi mphamvu pa malipiro ake, mashifiti ake kapena malikisi ake, dziwani kuti ngakhale "inde" wake adzakayikiridwa, chifukwa munthu woopa kutha ntchito savomera mwaufulu.

Abwana anga akhala akundigwiragwira tikatsala awiri, ndipo amanditumizira mauthenga olaula pa WhatsApp. Nditakana, andiuza kuti kontirakiti yanga sadzaionjezera. Ndili ndi ana atatu. Palibe amene anaonapo. Ndani angandikhulupirire? — Mayi wosweka mtima, Limbe

Amayi, pepani kwambiri. Nkhani zotere sizichitikira pagulu, ndipo makhoti amadziwa zimenezo. Umboni muli nawo kale m'manja, chofunika ndi kuusunga bwino.

Yambani ndi foni. Musafufute uthenga ngakhale umodzi, ngakhale wonyansa chotani, ngakhalenso mayankho anu omwe mukuona ngati anali ofewa. Amayi ambiri amafufuta mayankho awo pochita manyazi, ndiye tsiku la mlandu bwanayo amatulutsa macheza onse, iwo n'kuoneka ngati akubisa kanthu. Jambulani mauthengawo moti nambala ya wotumiza, tsiku ndi nthawi zizioneka. Dzina lomwe munasunga m'foni silikwanira, pakuti aliyense angathe kusunga nambala ina pa dzina la abwana. WhatsApp ili ndi njira yotumizira macheza onse ku imelo: tumizani ku imelo yanuyanu, osati ya kuntchito, yomwe angaitseke tsiku lililonse. Ngati amatumiza zithunzi zoona kamodzi kokha, kapena anatchera kuti mauthenga azifufutika okha, zijambuleni ndi foni ina musanatseke.

Kenako gulani kope laling'ono, lizikhala kunyumba. Chilichonse chikachitika lembani tsiku lomwelo: deti, nthawi, chipinda, mawu enieni omwe ananena, pomwe anakugwirani, zomwe munayankha, ndi yemwe munakumana naye potuluka. Mlonda amene anakuonani mukutuluka mukulira ndi mboni, ngakhale sanaone za m'katimo. Uzani munthu mmodzi wodalirika tsiku lomwelo, makamaka pa uthenga wolemba, kuti deti litsale. Zakale zomwe simukukumbukira bwino tsiku lake, lembani kuti "chakumapeto kwa Juni". Musapeke deti. Deti limodzi lolakwika, bwanayo n'kuonetsa kuti tsikulo anali ku Mangochi, limagwetsa nkhani yonse yoona.

Ngati mungathe popanda kudziika pachiswe, mutumizireni uthenga umodzi womveka: "Bwana, zondigwira ndi mauthenga awa sindikuzifuna, chonde siyani." Uthenga umenewu umatseka pakamwa pa yemwe angadzati munkagwirizana. Sonkhanitsaninso makope a kontirakiti yanu, mapepala a malipiro ndi makalata oyamikira ntchito yanu, chifukwa chida choyamba cha bwana wonenezedwa ndicho kunena kuti wodandaulayo ndi waulesi, akungobwezera.

Dandaulo likhale lolemba, makope awiri. Wolandirayo asaine ndi kudinda deti pa kope lanu. Dandaulo la pakamwa limasowa ngati mame. Likapita ku ofesi yoona za antchito koma osayankhidwa, kapena ngati bwanayo ndiye mwini kampani, pitani ku Malawi Human Rights Commission, yomwe ndiyo inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamulo la 2013 lija likutsatidwa. Ku polisi funsani ofesi ya Victim Support Unit. Ndime 7 ya lamulolo imanena kuti simukakamizidwa kudikira kuti za kuntchito zithe kaye musanapite ku polisi kapena ku khoti. Akakuchotsani ntchito kapena kukana kuonjezera kontirakiti chifukwa mwakana, yambirani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kenako bwalo la Industrial Relations Court. Loya waulere amapezeka ku Legal Aid Bureau. Nambala ya 5600 ndi yaulere, yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo 116 ndi ya ana.

Musathamangire kulemba kalata yosiya ntchito musanaonane ndi wodziwa malamulo. Ndipo akabwera ndi envelopu kuti "tikambirane ngati anthu", musalandire kanthu mseri. Mawa lake ndalama yomweyo idzasanduka umboni wakuti munkafuna kuwadyera.

Mawu ena kwa aliyense amene zafika pogwiriridwa: chipatala choyamba, ndipo msanga. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira bwino akamwedwa mwachangu, masiku asanu asanadutse. Ngati n'kotheka musasambe kaye, ndipo zovala musazichape. Zikulungeni mu pepala kapena mu envelopu yaikulu, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi, nkhungu n'kuononga umboni. Koma ngakhale mutasamba kale, pitanibe. Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi malo a Chikwanekwane, komwe dokotala, wapolisi ndi wauphungu amapezeka pamodzi.

Mchimwene wanga ndi mphunzitsi. Mnzake wa kuntchito wamunenera kuti anamugwira mosayenera, ndipo amuimitsa ntchito. Iye akulumbira kuti n'zabodza, akuti anakangana pa nkhani ya udindo. Akulu a kwathu akufuna apite kwa mayiyo akapepese kuti nkhani ithe. Titani? — Mlongo wake, Zomba

Achemwali, auzeni akuluwo aime kaye. Kwathu kuno kutuma ankhoswe kapena abusa ndi nkhuku m'manja ndi ulemu, koma pa mlandu wotere kupepesa kumamveka ngati kuvomera, ndipo kupita kwa wodandaula kungatengedwe ngati kumuopseza kapena kusokoneza mboni. Mchimwene wanu asamuimbire foni, asamulembere, asatume munthu. Inunso abale musamunyoze mayiyo pa Facebook kapena pamsika. Inu kunalibe komwe zinachitikira. Mugwireni dzanja mbale wanu, koma kuweruza kusiyireni omwe amve mbali zonse.

Kuimitsidwa ntchito podikira kafukufuku si chigamulo. Ndime 57 ya lamulo la Employment Act la 2000 imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Choncho apemphe molemba kuti amupatse mlandu wake pa pepala: akuti anachita chiyani, liti, kuti. Popanda zimenezi sangathe kuyankha. Apemphe nthawi yokwanira yokonzekera, aloledwe kubwera ndi mnzake kapena wa bungwe la aphunzitsi, ndipo ngati m'komiti yomva nkhaniyi muli yemwe ali mbali ya mkangano wa udindowo, akane molemba nkhani isanayambe kumvedwa.

Naye akhale pansi lero lomwe alembe zonse zomwe akukumbukira za tsiku lonenedwalo. Afunefune zomuikira kumbuyo zisanasowe: buku losainira pofika ndi poweruka, ndandanda wa maphunziro, buku la mlonda pageti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba oonetsa komwe anali, makalata a mkangano wa udindowo. Ngati pamalopo pali makamera, apemphe msanga molemba kuti zithunzi zisungidwe, chifukwa makina ambiri amafufuta zakale pakapita masiku ochepa. Foni yake asafufutemo kanthu. Ndipo anene zoona zokhazokha. Ngati panali nthabwala zopyola malire kapena chibwenzi chakale, aziulule yekha kwa loya wake. Ambiri amagwa osati ndi mlandu weniweniwo, koma ndi kabodza kakang'ono kodzitchinjirizira komwe kagwidwa.

Asasiye ntchito mwamanyazi, pakuti anthu adzati wathawa. Nkhani ikafika ku polisi, ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino imamupatsa ufulu wokhala chete, wokhala ndi loya, wotengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndi wofikitsidwa ku khoti maola 48 asanathe ngati wamangidwa. Asasaine sitetimenti yomwe sanaiwerenge kapena kuwerengeredwa m'chinenero chomwe amamva. Belo ya ku polisi salipira.

Adziwenso kuti muyeso wa umboni umasiyana. Khoti la milandu ya upandu limafuna umboni wosasiya chikayiko chomveka, pomwe komiti ya kuntchito imangoyeza kuti mbali yomveka kwambiri ndi iti. Choncho munthu angathe kumasulidwa ku khoti koma n'kuchotsedwabe ntchito. Zikadzatsimikizika kuti mayiyo anapeka dala, njira zilipo: kupereka uthenga wabodza ku polisi ndi kunama pa lumbiro ndi milandu m'malamulo athu, ndipo angathenso kusumira chipukutamisozi chifukwa choipitsiridwa mbiri. Koma adzayenera kuonetsa kuti linali bodza ladala, osati kungoti umboni unaperewera.

Pa koleji pathu pali mphunzitsi amene amafuna atsikana kuti awakhozetse mayeso. Tilipo asanu omwe zatichitikira. Tikufuna timuyalutse pa Facebook ndi chithunzi chake. — Ophunzira otopa nazo

Atsikana, mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo vutoli si la pa koleji panu pokha. Mu Okutobala 2019 atolankhani a BBC Africa Eye anajambula mobisa aphunzitsi a pa mayunivesite a Lagos ndi Ghana akuchita zomwezi. Anthu amathamangira pa masamba a mchezo chifukwa maofesi oyenera anawagwiritsa fuwa lamoto. Komabe tikupemphani muyambe njira ina.

Mukamutchula dzina poyera, angathe kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri. Choona chimateteza, koma udindo wotsimikiza kuti n'zoona udzakhala pa inu, ndipo aliyense wogawa uthengawo angakokeredwemo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 nalonso lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba pa intaneti. Tsamba lobisa dzina silibisa mpaka kale. Ndipo chithunzi chikalakwika, kapena wina n'kuonjezerapo dzina la mphunzitsi amene amangodana naye, madzi akatayika saoleka.

Mphamvu yanu ili pa kuchuluka kwanu, koma muisamale. Aliyense alembe nkhani yake payekha, asaine ndi kuika deti, musanakhale pamodzi kufananiza. Mukalembera limodzi, mawu amafanana, ndipo loya wake adzati munapangana. Nkhani zisanu zolembedwa padera zomwe zikuonetsa kachitidwe kamodzi, monga ofesi yomweyo, nthawi ya mayeso yomweyo, mawu okopera omwewo, n'zovuta kuzigwetsa. Sungani mapepala a mayeso ndi malikisi anu, ndipo pemphani molemba kuti mphunzitsi wina awachongenso. Dandaulo lipite kwa woyang'anira ophunzira ndi kwa mkulu wa koleji, kope lina ku Malawi Human Rights Commission, kuti asathe kulikwirira. Zikakanika zonsezi, mtolankhani wodziwa ntchito ndi wabwino kuposa tsamba la miseche. Nkhani ya Weinstein inaima chifukwa atolankhani anatha miyezi akusonkhanitsa makalata ndi mapangano a ndalama, ndipo anamupatsa mwini wake mpata woyankha asanasindikize.

Ndili ndi kampani ya antchito 30. Ndikufuna ndondomeko yoteteza amayi koma yosapweteka munthu wosalakwa. Ikhale yotani? — Mwini bizinesi, Kasungu

Bwana, mwaganiza bwino, ndipo ndime 7 ija imayembekezera olemba ntchito kukhala ndi ndondomeko yotere. Masamba awiri kapena atatu akwanira, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yomatidwa pomwe aliyense amadutsa, ndipo wantchito aliyense asaine kuti waiwerenga kapena wawerengeredwa.

Sankhani anthu awiri olandira madandaulo, mwamuna ndi mkazi, omwe si mabwana a tsiku ndi tsiku a antchitowo. Lembaninso komwe munthu angapite ngati wonenezedwa ndi inuyo. Makampani ambiri amaiwala pamenepa, ndipo ndondomeko yonse imafera pomwepo. Dandaulo likafika, lilembedwe ndi kusainidwa, wonenezedwa alandire kope ndi masiku angapo oti ayankhe molemba. Asiyanitseni awiriwo pogwira ntchito, koma musasamutse wodandaula kupita ku ntchito yonyozeka, chifukwa ena onse adzaphunzirapo kuti kudandaula kumalangitsa. Ngati mwaimitsa wonenezedwa, kalata inene poyera kuti uku si kumupeza wolakwa.

Komiti ikhale ya anthu atatu, amuna ndi akazi, opanda chibale kapena chidani ndi mbali iliyonse. Pa kampani yaing'ono ndi bwino mmodzi achokere kunja. Mboni zifunsidwe payekhapayekha, zonena zawo ziwerengedwe pamaso pawo, zisaine. Musawakhazike awiriwo pamodzi kuti "akhululukirane" ngati wodandaula sanapemphe yekha. Dziikireni malire, monga masiku 30, chifukwa nkhani ikakoka miyezi, mphekesera zimaweruza komiti isanaweruze.

Chigamulo chikhale chimodzi mwa zitatu, cholembedwa ndi zifukwa zake: dandaulo latsimikizika, dandaulo silinatsimikizike, kapena dandaulo lapezeka lopeka dala. Chilango kwa wodandaula chibwere pa chachitatu chokha, ndipo nayenso ayambe wamvedwa monga anamvedwera mnzakeyo. Pa chachiwiri palibe wolangidwa, ndipo fayilo ya wonenezedwa isadetsedwe. Aliyense wa awiriwo akhale ndi masiku 14 ochitira apilo kwa munthu amene sanali m'komiti. Mafayilo onse atsekeredwe m'kabati ya kiyi mmodzi, ndipo pakatha miyezi itatu, wolandira madandaulo uja akafunse mbali zonse ziwiri, aliyense payekha, ngati pali amene akumubwezera.